Tambala wa Omari Anakwera Phiri la Chowe

Ine ndine Abiti Selemani wa ku Lungwena, ngakhale ku Lungwena sindinabadwireko. Ndinabadwira kutsidya kwa malire, kuseri kwa Mandimba, kumene chinangwa chimakula ngati mwendo wa munthu. Kulemba ndaphunzira ndili ndi imvi kale, ku sukulu ya kwacha, ndiye dzanja likamatsalira mundipirire, pakamwa pokha ndimathamanga. Ndikufuna ndikuuzeni za ulendo umene ndinapita ndikuimba, n'kubwerako ndikuimbabe, koma nyimbo yake itasintha.

Nkhondo itafika m'mudzi mwathu tinathawa mmene tinalili. Ine ndinangotola thadzi limene linali pamazira n'kulikulunga m'chitenje. Mwana wanga wamwamuna, Omari, anati, "Amao, tsogolani ndi anthuwa, ine ndikamasule mbuzi, ndikupezani pamtsinje." Pamtsinje tinadikira, Omari zii. Tinaoloka malire, Omari zii. Ndinafika ku Lungwena kwa mwana wanga wamkazi Asiyatu, amene anakwatiwa kuno nkhondo isanayambe, mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kuthanso, Omari zii.

Thadzi lija linaswa pa Lungwena. Pa anapiye ake ndinapatula tambala mmodzi, ndinati uyu ndi wa Omari, adzadya tsiku limene adzafike. Tambala akakalamba ndinkapatula mwana wake. Pa Idi anthu amachinja nkhuku, wa Omari osakhudza. Mlendo abwere, wa Omari osakhudza. A Shehe anabwera kudzandiuza kuti tichite sadaka, ine ndinakana, chifukwa sadaka imeneyo timachitira munthu amene wapita. Koma m'kati mwangamu munali china chimene chinkandidya kuposa imfa. Ndinkati ngati mwana wanga anafa, anamusambitsa ndani? Anamuveka ndani sanda, nsalu yoyera ya maliro? Kapena ali gone patchire, afisi akumukoka uku ndi uku ngati galu? Chimenecho ndicho chinkandichotsera tulo.

Tsiku lina apongozi anga, Che Jafali, mwamuna wa Asiyatu, anaima panja pa khomo langa atayang'ana ku mtengo wa mango. Mkamwini kwathu sayang'ana apongozi kumaso, ndipo mawu ake amadzera mwa mkazi wake. Iwo ankayendetsa lole yonyamula ufa kupita kumisasa ya othawa nkhondo.

"Uwauze amayi kuti abwana andibwereka pikapu Loweruka ndi Lamulungu. Tipite nawo kuphiri, ku linga la azungu akale. Analikonza, pano ndi hotela. Akapumuleko."

Asiyatu anandiuza zomwe ndinali nditamva kale ndi makutu anga.

"Uwafunse," ndinatero ine, "ngati kumeneko kuli kufupi ndi malire."

"Uwauze kuti mapiri a kwawo akawaona ndi maso."

Basi mtima wanga unayamba kuvina. Anthu othawa nkhondo amatsika m'mapiri omwewo, ndipo kumene kumatsika anthu kungatsikenso Omari. Loweruka m'mawa ndinagwira tambala wa Omari, wofiira, wa lipombo logwera mbali, ndinamuika m'chitatanga.

"Amao, ku hotela sapita ndi nkhuku," anatero Asiyatu.

"Nanga tikakamupeza Omari, adzadya chiyani? Nyama yochinja munthu wosamudziwa?"

Asiyatu anatembenuka n'kuyamba kumanga chikwama chimene anali atamanga kale.

Mpando wakutsogolo anandikonzera ine, anayalapo ndi chitenje. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine kukhala bondo ndi bondo ndi mkamwini, kuchokera ku Lungwena mpaka kuphiri? Anthu a pamsika akanati Abiti Selemani nkhondo inamuzunguza mutu. Ndinakwera kumbuyo ndi adzukulu anga awiri, Mariamu ndi Yusufu, ndi chitatanga pamiyendo, ndi thumba la mpunga. Thumbalo linali lalikulu, loti mudzi n'kudya. Ndinaganiza kuti mwina ku hotela amalipiritsa ndi mpunga.

Tinanyamuka, fumbi kobo. Msewu wa ku Malindi ndi wa mabampu ngati msana wa ng'ona, ukakwera mwamba umatera pa thumba, ukatera pa thumba umakweranso mwamba. Ine ndinayambitsa nyimbo yanga yongopeka, ya tambala wokwera galimoto, tambala wopanda tikiti, ana akuvomera, tambala akuyang'ana ndi diso limodzi. Anthu a panjinga tinkawapitirira akutsokomola, ine ndikuwabayibitsa ngati mkazi wa bwana.

Tinaoloka mlatho wa Shire kulowa m'tauni ya Mangochi kuti tikathire petulo. Magetsi kunalibe, ndiye pampu inali du. Tinadikira. Dzuwa linakwera, linatiphika kumbuyo kuja ngati mbatata. Kutsogolo kwathu kunali basi, kumbuyo kwathu kunali lole ya nsomba zouma, ntchentche zake zinasamukira kwa ife. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandifunsa ngati tambala ndi wamalonda. Ndinati ali ndi mwini wake. Ndinamufunsa ngati anaonapo mnyamata wa kutsidya, wamtali, wa chipsera pa nsidze yakumanzere pomwe anagwera mumtengo wa mango, wa mpata pakati pa mano, amene amayamba waseka asanalankhule. Anati sanamuone. Funso limeneli ndinali nditalifunsa pachipatala, pamsika, pamzikiti, padoko, moti linkatuluka lokha ngati moni.

Pamene tinkadikira, Asiyatu analowa m'sitolo ya mmwenye n'kutulukamo ndi kamtolo kokulunga m'pepala. Anakabisa pansi pa chikwama. Magetsi atayaka anthu onse anakuwa, tinathira petulo, tinaolokanso mlatho n'kulunjika kumapiri.

Patsinde pa phiri panali lodibuloko, migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Masiku amenewo ankasecha galimoto iliyonse yopita kumalire. Wapolisi wake anali wonenepa, wa ndevu za pamlomo, wansangala. Anasuzumira kumbuyo.

"Agogo, uyu ali ndi chitupa?"

"Agogo ake ndiwo anaoloka malire, iyeyu ndi mbadwa ya pa Lungwena."

Anaseka mpaka chipewa kupendama. Anagwira thumba la mpunga, anatsegula chikwama cha Asiyatu, anamasula kamtolo kaja. Munali nsalu yoyera, yatsopano, yoyera mbee, yaitali ndithu.

"Iwe Asiyatu," ndinatero ine, "wandigulira kale sanda ndili moyo? Ukufuna ukandikankhe pamwamba pa linga?"

Wapolisi anaseka, ana anaseka, ine ndinaseka. Asiyatu anati, "Ndi ya makatani, amao." Ananena atayang'ana pansi. Che Jafali anatsika n'kukagogoda matayala amene analibe vuto. Ine osazindikira kanthu, mtima wanga unali kale pamwamba pa phiri.

Phiri la Chowe silikwereka mwamasewera. Msewu umapinda uku, umapinda uko, ukayang'ana pansi mutu umazungulira. Pikapu inayamba kulira ngati ng'ombe yobereka. Inalira, inalira, kenako kutsogolo kunatuluka nthunzi, psuu, n'kuima. Che Jafali anathamangira miyala yotsekera matayala. Anati redieta yawira, ifunika izizire, ifunikanso madzi. Chigubu chathu ana anali atamwa theka, theka lina ndinali nditamwetsa tambala ndi kumuwaza m'mapiko ku Mangochi kuja.

"Uwafunse amayi ngati tambalayo angakoke galimoto," anatero Che Jafali kwa mkazi wake. Mawu oseka okhawo ndiwo ndinawamva kwa iwo tsiku lonselo.

Asiyatu ndi ana anatsikira kukhwawa kukasaka madzi. Ine ndinakhala pamthunzi mbali ino ya galimoto, apongozi mbali inayo. Tinali anthu awiri ndi galimoto pakati. Ndinkawamva akupuma mozama, akuyamba ngati alankhula, n'kungotsokomola. Anatero kangapo. Ndinaganiza kuti ndi fumbi.

Tili pomwepo panatulukira mayi wina akukwera phiri wapansi, mutu wa makina osokera atausenza pankhata, mwana kumbuyo, mapazi atang'ambika. Nditangoona mmene anamangira chitenje ndinadziwa kuti ndi wa kwathu. Ndinamupatsa moni wa Chiyao, anayankha, anatula makina n'kukhala pansi. Anati amachokera ku tauni kumene anakafuna kugulitsa makinawo, koma mtengo umene anamuuza unali wachipongwe, ndiye akubwerera nawo kumsasa. Makina amenewo ndi chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho m'nyumba ikuyaka. Miyendo yake ya makinawo inatsala komweko.

Ndinamupatsa chitumbuwa, ndinamufunsa funso langa. Wamtali, mpata pamano, chipsera pa nsidze.

Anandiyang'ana, anati, "Mayi, onse amene ndinawaona kumeneko anali ndi zipsera."

Madzi atabwera tinamukweza. Ulendo wotsalawo sindinaimbe. Makina anali pakati pathu, mwana wake akuseweretsa nthenga za tambala pa mipata ya chitatanga. Anatsikira pa mphambano ina tisanafike ku Namwera, anasenza makina ake, analowa m'kanjira ka m'chimanga osacheuka.

Ife tinapatuka kulowa msewu wa miyala, ndipo dzuwa litapendeka tinafika. Linga lake ndi la miyala, makoma onenepa moti munthu angagone pamwamba pake mopingasa. M'makomamo muli timabowo topyapyala tomwe ankatulutsirapo mfuti. Pakhomo pali mzinga wakale, chimfuti chachikulu, atauzika pa simenti, ana anakwerapo nthawi yomweyo. Ndinati taonani dziko mmene lilili: nyumba yomangira nkhondo anthu akulipira kuti agonemo, nyumba zathu zomangira kugona nkhondo inazitentha.

Manijala wake, mnyamata wa tayi, ataona chitatanga anakwinya nkhope.

"Amayi, ziweto sizilowa m'zipinda."

"Si chiweto ichi, bambo, ndi ndiwo za mwana wanga."

"Ndiye aperekeni kukhitchini."

"Mwana wakeyo sanafike."

Che Jafali anamutengera pambali, ananong'onezana. Manijala uja anabwerera nkhope itasintha, anandilankhula mwaulemu woposa muja, anati tambala akhoza kugona pakhonde la chipinda changa. Ananyamula yekha chitatanga, tayi ikulendewera. Ine ndinati apongozi anga ndi munthu wodziwika.

Chipinda chinali changa ndekha. Bedi la sipuling'i, nsalu zoyera, pilo awiri ngati ndili ndi mitu iwiri. Madzi otuluka pakhoma, otentha ndi ozizira. Asiyatu anandisambitsa kumsana ngati mwana, anandidzoza mafuta m'mapazi, zimene sanachitepo chikwatiwire. Ndinamuuza kuti m'mawa tipite kumsasa wapafupi tikafunse. Anati, "Gonani kaye, amao. Mawa lilipo." Ndinagona tulo timene sindinagonepo chiwolokere malire.

Tambala ndiye anadzutsa hotela yonse. Analira pakhonde, makoma a miyala anabweza mawu, azungu awiri a chipinda choyandikana anatuluka ndi makamera. Nditaswali pemphero la m'mawa ndinatuluka kukaona mapiri. Ndinakwera masitepe a pakhoma pang'onopang'ono, ndipo kum'mawa, kuseri kwa nkhungu, ndinaliona phiri la kwathu, la mutu wopindika ngati nkhalamba yowerama. Ndinalitchula dzina, ndinaliimbira.

Pansi pa khoma panali bambo wina akutchetcha udzu ndi chikwakwa. Atamva nyimbo anaima. Anavula chipewa chantchito, m'kati munali kofia. Ndinatsika masitepe aja mofulumira kuposa mmene ndinakwerera.

"Che Mbwana? Che Mbwana a kumunda kwa mtsinje?"

Anali iwo, anansi athu a kwathu, amene ankatsogolera swala a Shehe akachoka. Anaonda, mano anatha, koma anali iwo. Ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri, ndinaseka, ndinalira, ndinawafunsa za akazi awo, za ana awo. Anayankha zonse. Iwo sanandifunse za ana anga. Munthu wa kwathu akakupatsa moni amafunsa ana mmodzimmodzi, ndipo Che Mbwana sanafunse.

Anaika chikwakwa pansi, anayala thumba pamthunzi wa khoma, anati, "Khalani, Abiti Selemani." Nditacheuka ndinaona Asiyatu ataima pakona, kamtolo kaja kali m'manja. Kumbuyo kwake Che Jafali atagwada pa udzu wonyowa, atayang'ana kumbali. Pamenepo mpunga uja, nsalu ija, kutsokomola kwa pa Chowe kuja, zonse zinabwera pamodzi n'kundikhala pachifuwa.

"Nenani, Che Mbwana. Ndakhala."

Anayamba ndi mawu amene timatchula munthu akabwerera kwa Mwini wake. Kenako anafotokoza. Anyamata a mfuti anamupeza Omari ali ndi chingwe cha mbuzi m'manja. Anamutenga kuti azisenza katundu wawo. Anasenza nyengo yonse ya chilimwe, mpaka anathawa ali ndi bala pamwendo. Anafika kuphanga kumene Che Mbwana ndi mabanja ena ankabisala, kuseri kwa phiri lomwe lija ndinkaliimbira. Anamusamalira ndi mankhwala a mitengo, bala linakana. Anakhala nawo mpaka mvula yoyamba.

"Ankalankhula?" ndinafunsa.

"Ankaseka kaye, monga mwa khalidwe lake. Ankati amayi anga anathawa ndi nkhuku n'kusiya bulangete."

Ndinamva ngati andibaya, komanso ndinafuna kuseka, chifukwa zinali zoona. Funso lija londichotsera tulo linali pakhosi, lolemera ngati mwala wa mphero, ndinkaopa kulitulutsa. Ndinalitulutsabe.

"Anagona patchire?"

"Iyayi. Ndinamusambitsa ndine, ndi manja awa, ndi madzi a pakasupe. Tinalipo amuna okwanira kumuswalira. Manda tinakumba akuya, a chipinda cham'mbali monga mwa chisilamu, nkhope yake tinailozetsa ku kibula, kumene timayang'ana popemphera. Pamwamba tinaunjikapo miyala, fisi sangafukule. Pali mtengo wa msuku. Nkhondo ikatha ndikakulozerani."

"Nanga sanda munaipeza kuti kuphanga?"

Che Mbwana anayang'ana manja awo. Amene anayankha ndi apongozi anga, koyamba chikwatire mwana wanga kundilankhula ine mwini, osadzera mwa munthu.

"Amayi, bambowa pothawa ananyamula sanda yawo, imene anasungira tsiku lawo. Anamuveka Omari imeneyo. Ndinakumana nawo pogawa ufa kumsasa, anandiuza. Ine sindikanatha kukuuzani, Asiyatu analephera. Tinati mumve kwa amene anaona ndi maso."

"Ndinafuna mugone kaye usiku umodzi pabedi labwino," anatero Asiyatu, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinalira, inde ndinalira. Ndinagubuduka pa udzu wotchetcha uja, ndinaitana Omari ndi maina ake onse, la kubadwa, la ku jando, ndi limene ndinkamutcha ndekha akuyamwa. Azungu aja anatsitsa makamera n'kulowa m'chipinda. Ndinalira mpaka mawu anasasa.

Koma nditatha kulira ndinapeza kuti mwala uja wachoka pakhosi. Mwana wanga anasambitsidwa. Mwana wanga anavekedwa zoyera. Mwana wanga sanadyedwe ndi afisi, anagona ngati munthu, nkhope ku kibula, pansi pa msuku. Ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndinaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu. Inamveka m'makoma onse a linga, inatuluka pa timabowo ta mfuti tija. Asiyatu anandigwira poganiza kuti mutu wasokonekera. Ndinati ndisiye, mwanawe, pa ukwati wa mlongo wako sindidzaimba, ndiimbire pano.

Ndinatenga kamtolo m'manja mwa Asiyatu, ndinagwada pamaso pa Che Mbwana, ndinawapatsa ndi manja awiri. Anakana, anati anachitira Mulungu. Ndinati, "Landirani, bambo. Inu munaveka wanga. Musadzapite osavala chifukwa cha ine." Analandira, anaika nsaluyo pamphumi, nawonso misozi inatsika.

Kenako ndinapita pakhonde. Ndinatsegula chitatanga. Tambala anali wofunda m'manja mwanga, mtima wake ukugunda pa chala changa. Ndinamupereka kwa Che Mbwana kuti achinje iwo, pakuti dzanja limene linasambitsa mwini wake ndilo linayenera. Anayang'ana ku kibula, anatchula dzina la Mulungu, anachinja kuseri kwa khoma.

Manijala uja anatipatsa mapoto a hotela ndi malo kuseri kwa khitchini. Mpunga wonse uja tinaphika. Che Mbwana anaitana anthu a kwathu okhala pafupi, anabwera amuna a makofia ong'ambika ndi amayi a ana kumbuyo, anakhala pa udzu m'kati mwa linga, anawerenga duwa, pemphero lopempherera Omari. Tambala mmodzi sangakwane khamu, ndiye Che Jafali anagula nyemba, koma msuzi wake tinathira pa mbale iliyonse kuti aliyense alaweko. Ogwira ntchito pa hotela anadya nafe. Ine ndinadya chiwindi, chimene Omari ankalimbirana ndi mlongo wake ali ana.

Pobwerera pikapu sinavute, kutsika phiri sikufuna madzi. Anandipemphanso kukhala kutsogolo, ndinakananso, mwambo sufa chifukwa mwalirira limodzi. Ndinakhala kumbuyo nditayang'ana kumene tinachokera, phiri la kwathu likucheperachepera mpaka linabisika. Ndinkaimba chapansipansi nyimbo ya msuku, ana osavomera, atatsamira pa ine uyu mbali iyi uyu mbali iyi.

Pa lodibuloko tinapeza wapolisi yemwe uja. Anatizindikira, anabwera akumwetulira, anasuzumira m'chitatanga. Munali nthenga imodzi yofiira ndi chigoba cha madzi.

"Agogo, mbadwa ya pa Lungwena ija mwaisiya kuti?"

Ndinati, "Mwini wake tamupeza, bambo. Tamupatsa."